Chidwi cha sitima chandithawa, kodi ndigulitse zonse?

Bambo wina wa ku Blantyre, wa zaka za m'ma 50, walemba motere:

"Zikomo bambo. Ine ndinakulira m'nyumba za njanji chifukwa malemu bambo anga ankagwira ntchito ku Malawi Railways. Kuyambira ndili mwana ndinkakonda sitima koopsa. Ndili ndi makope olembamo manambala a mitu ya sitima, zithunzi zodzaza makatoni, matikiti akale, nyale ndi chipewa cha bambo, komanso kasitima koyendera magetsi kamene ndinagula ku Johannesburg pamodzi ndi njanji zake. Loweruka lililonse ndinkapita ku Limbe, nthawi zina kukwera minibasi mpaka ku Balaka, kukangoona sitima basi. Koma chimwalirireni bambo zaka ziwiri zapitazo, mtima wa zimenezi unachoka. Sitima ikalira sinditembenuka n'komwe. Tebulo la kasitima lija langoti mbuu ndi fumbi, ndipo mayi a kunyumba akuti chipindacho chikufunika. Pali mnyamata wina amene akufuna kugula zonse pamodzi. Kodi ndakula basi? Ndigulitse? Kapena chidwi chotere chimabwereranso?"

Pepani ndi maliro a bambo, achimwene. Ndiyambe ndi zimene zikukusowetsani mtendere: mnyamatayo muuzeni adikire kaye, ndipo za kukulazo zichotseni m'mutu. Ndakhala zaka zambiri pakati pa anthu okonda sitima, ena opuma pa ntchito ya njanji, ena ojambula, ena omanga tisitima pa matebulo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene chidwi chake chinayaka chimodzimodzi kuyambira ubwana mpaka imvi. Aliyense ali ndi zaka zake zimene anamanga makatoni n'kuwakankhira kunsi kwa bedi. Ena chinawasiyitsa ndi banja latsopano, ena fizi ya ana, ena kusamuka, ena maliro ngati inu. Ambiri anabwerera ndithu. Koma chimene ndaona n'chakuti kawirikawiri sabwerera ku chinthu chomwe chija anachisiya. Wolemba manambala amadzabwera ali wofufuza mbiri, wojambula amadzabwera ali wongokwera sitima n'kumacheza ndi anthu. N'chifukwa chake sindikulonjezani kuti Loweruka la ku Limbe lija lidzakomanso ngati kale. Mwina silidzakoma, ndipo limenelo si tsoka ayi.

Tione kaye chimene chinatha. Kulemba manambala ndi kujambula mitu ndi ntchito yosonkhanitsa, ndipo kusonkhanitsa kumakoma pamene chilipo chimene sunachipeze. Mnzathu wa ku Britain ali ndi njanji zopitirira makilomita 15,000 ndi mitundu ya sitima imene sangaimalize moyo wake wonse. Kwathu kuno njanji yonse, kuphatikizapo yatsopano ya malasha yochokera ku Moatize kudzalumikizana ndi yakale pa Nkaya, sikwana makilomita 1,000, ndipo madera ena sitima inasiya kalekale kufikako. Mitu yake ndi yomweyomweyo. Munthu wakhama ngati inu anamaliza kale kuiona yonse, kutsogolo ndi kumbuyo, padzuwa ndi pamvula. Bonya ngakhale umukonde chotani, akakhala wa nkhomaliro ndi mgonero chaka chathunthu, tsiku lina umangomuyang'ana. Ine ndikuganiza kuti chidwicho sichinayambe kuzirala tsiku la maliro. Chinali chitayamba kale, kungoti panali munthu wokamufotokozera zimene mwaona.

Mmene ndikuionera ine, nkhani yanu yagona pamenepa. Mwana wa munthu wa njanji akapita kukaona sitima sakhala yekha, ngakhale akwere minibasi yekha. Mukaona mutu wachilendo ku Balaka munali ndi woti mukamuuze, ndipo ndikukhulupirira kuti mdala ankakutsutsani kuti umenewo si wachilendo, angoupenta, kenako n'kuyamba nkhani ya dalaivala wina amene anauyendetsa kalekale. Kukoma kwambiri kunali m'macheza amenewo. Lero sitima ikalira ikukukumbutsani kuti wokamuuza kulibe. Mtima ukaona kuti chinthu chikuupweteka umayamba kuchilambalala, ndipo mwini wake amayesa kuti watopa nacho. Zaka ziwiri pa imfa ya kholo si zambiri. Ena chisoni chenicheni chimawayamba atamanga kale chiliza, anthu onse atabalalika.

Tsiku lina muli nokha, tengani nyale ya bambo ija muipukute. Pakhosi pakakutsekani, dziwani kuti chidwi chilipo, chisoni ndicho chachikwirira, ndipo chisoni sachithamangitsa. Mukapanda kumva chilichonse, kungoti zii, ndiye mundimvetsere bwino pa zotsatirazi.

Ndikufunseni ngati mbale wanu: kodi ndi sitima zokha zimene zasiya kukoma? Ngati Bullets ndi Wanderers zikamasewera mukudzukabe pampando, kwaya ya kutchalitchi ikukufikanibe pamtima, nsima ikulowa, tulo tikubwera, ndiye kuti vuto lili pa sitima basi ndipo tikhoza kulikambirana tokha. Koma ngati kwa milungu iwiri kapena kupitirira zinthu pafupifupi zonse zasanduka zosakoma, mukudzuka pakati pa usiku osagonanso, chakudya sichikulowa, thupi likutha, kuntchito maganizo sakukhazikika, mowa wawonjezeka, kapena mukudziona ngati munthu wopanda pake, imeneyo si nkhani ya sitima. Akhoza kukhala matenda a kukhumudwa, amene amagwira amuna a msinkhu wathu mwakachetechete chifukwa tinakula tikuuzidwa kuti mwamuna salira. Ndi matenda ochizika, ndi uphungu, nthawi zina ndi mankhwala. Poti muli ku Blantyre, yambirani pa chipatala cha kwanuko kapena ku Queen Elizabeth, mukafotokoze zonse mosabisa. Kulinso chipatala cha Zomba Mental, ndipo a St John of God ali ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Mukapita apempheni akuyezeninso shuga, BP ndi magazi, chifukwa thupi likafooka chidwi cha munthu chimazimanso. Maganizo oti bola kufa akakufikirani ngakhale kamodzi kokha, musadikire milungu iwiriyo. Uzani alamu kapena mbale wanu tsiku lomwelo, ndipo mupite kuchipatala. Ine za njanji ndimazidziwa, koma pamenepa pafunika adokotala.

Chilipo china chimene simunatchule koma chikupha chidwi cha ambiri masiku ano: foni. Pa YouTube munthu akhoza kukhala kutsogolo kwa sitima ya ku Switzerland usiku wonse, kapena kuona matebulo a anthu a ku America odzaza nyumba yonse yapansi. Akamaliza amakhala atakhuta asanadzuke pampando, ndipo akayang'ana tebulo lake kapena chithunzi chake cha pa Limbe amachiona ngati chachabechabe. Enanso amajambula n'cholinga choti akaike pa Facebook, ndiye anthu akapanda kuyankhapo amaona ngati ulendo wonse unali wotaya nthawi. Ngati ndi mmene zilili kwa inu, zisiyeni kwa mwezi umodzi muone ngati njala ya sitima zenizeni siibwerera.

Tsopano za tebulo lija. Simunanene mmene zinathera tsiku lomaliza limene munayendetsa kasitimako, koma ndikhoza kulosera. Kanayenda pang'ono n'kuima, munakakankha ndi chala, kanathamanga ngati kalumidwa, kanakaimanso pa mphambano. Tisitima timeneti timatenga magetsi kuchokera m'njanji kudzera m'mawilo, ndipo magetsiwo ndi ochepa, nthawi zambiri osapitirira mavoti 12. Fumbi la m'chilimwe likasakanikirana ndi chinyezi cha m'dzinja pamwamba pa njanji pamachita litsiro losaoneka ndi maso, koma lokwanira kutseka magetsi. Anthu ambiri amene amati atopa ndi tisitima, chimene anatopa nacho ndi kukankha ndi chala. Pukutani njanji ndi kansalu koyera konyowetsa ndi sipiriti, mawilo muwapukute ndi kathonje, koma sandipepa ayi, chifukwa imakanda njanji ndipo litsiro limadzakhala m'mikandamo. Yesani ndi maginito: ikamamatira ndiye kuti njanjiyo ndi yachitsulo chochita dzimbiri, ndipo idzakuvutitsani chaka ndi chaka, ya chitsulo china chotchedwa nickel silver siimamatira ndipo siichita dzimbiri. Tizitsulo tolumikizira njanji tikakhwefuka, tifinyeni pang'ono ndi pulayazi. Mafuta akhale opepuka, osawononga pulasitiki, kadontho ka kunsonga kwa singano basi. A galimoto kapena ophikira musayerekeze. Ndipo magetsi akathima muzizula thiransifoma pakhoma, chifukwa pobwera nthawi zina amabwera ndi mphamvu yootcha.

Maso nawonso. Munthu akadutsa zaka 40 maso amayamba kuvutika kuona zinthu zapafupi. Kukweza mawilo ang'onoang'ono panjanji kumasanduka ntchito yopweteketsa mutu, mwini wake osadziwa chimene chikumukwiyitsa. Magalasi owerengera ndi nyale yowala bwino zabweza anthu angapo amene ndikuwadziwa.

Koma tebulo lalikululo ine ndikugwirizana ndi alamu: lichoke. Matebulo ambiri amafa chifukwa cha kukula. Mwini wake akalowa m'chipinda amangoona ntchito imene sanamalize, phiri losapenta, mawaya olendewera, ndiye amatseka chitseko. Pezani thabwa lotalika mita imodzi ndi theka, m'lifupi masentimita 30, mumangepo kayadi kosinthira mabogi. Okonda tisitima a ku Britain ali ndi masewera amene amawatcha Inglenook: njanji zitatu zopatuka, ina yokwana mabogi 5, ziwirizo mabogi 3 iliyonse, ndi kanjanji kotulukira kokwana mutu ndi mabogi 3 okha. Mumaika mabogi 8, n'kutola timapepala 5 mwamaere, ndipo ntchito yanu ndi kumanga sitima ya mabogi asanuwo m'ndondomeko imene timapepala tatulukira. Ndondomeko zotheka zilipo 6,720, choncho simudzazimaliza ngati munamalizira manambala. Masewera amodzi amatha tiyi asanazizire, ndipo thabwalo limakwana pamwamba pa wadiropu.

Likakukomerani, lisandutseni siteshoni ya kwathu, kaya Luchenza, kaya Sandama, m'malo mwa mudzi wa ku Ulaya wojambulidwa pa bokosi. Tisitima tambiri togulidwa ku South Africa ndi ta sikelo ya HO, ndiye kuti chinthu chilichonse chachepetsedwa ka 87. Munthu wamkulu amatalika pafupifupi masentimita 2. Nyumba ya siteshoni imatheka ndi makatoni, pansi ndi dothi lofiira losefa losakaniza ndi guluu, mitengo ndi waya ngati uja tinkapangira magalimoto tili ana. Odziwa adzakuuzani kuti njanji ya HO, ya mamilimita 16.5, ikuimira njanji yotakata ya ku Ulaya ya mamilimita 1,435, pomwe yathu ndi ya 1,067 imene ikanafuna njanji ya mamilimita pafupifupi 12. Akunena zoona, koma musadwale nazo mutu.

Komabe njira imene ndikuiona kuti ndi yanu yeniyeni si ya tebulo. Manambala amatha, koma nkhani za anthu a njanji sizinalembedwe, ndipo eni ake akupita mmodzimmodzi monga apitira bambo anu. Taganizani zimene m'badwo wawo unaona. Mu 1970 inatsegulidwa njanji ya Nkaya kupita ku Nayuchi, dziko lino n'kupeza njira yachiwiri ya kunyanja yamchere kudzera ku Nacala. Mu 1979 sitima inafika ku Lilongwe kuchokera ku Salima, chaka chotsatira n'kufika ku Mchinji, ndi chithandizo cha dziko la Canada. Pasanapite nthawi nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira zonse ziwiri, ya Beira ndi ya Nacala, katundu n'kumayenda pa malole mpaka ku Durban, anthu a njanji atangotsala ndi sitima za m'dziko momwemuno. M'zaka za m'ma 1990 ambiri anachotsedwa ntchito. Mu 1997 madzi osefukira anadula njanji pa Chiromo, Bangula ndi Nsanje n'kutsala tsidya lina, ndipo mu 1999 njanji inaperekedwa m'manja mwa Central East African Railways. Zakazi zili m'mabuku, aliyense akhoza kuziwerenga.

Chimene mulibe m'mabuku ndi mmene dalaivala ankagwirira mabuleki potsika ndi sitima yolemera kuchokera ku Limbe kulowera kuchigwa cha Shire, mvula ikugwa, njanji ikuterera. Mulibe zimene ankadya anthu okonza njanji akagona kutchire, mayina amene ankatchula mitu ina yovuta, mmene amayi a nthochi a ku Thekerani ndi ku Sandama ankakwezera madengu sitima itaima mphindi zochepa, kapena mmene banja linkakhalira bambo akasamutsidwa kuchoka ku Limbe kupita ku kasiteshoni kopanda sukulu pafupi. Inu muli ndi mwayi umene wophunzira wa ku yunivesite alibe: ndinu mwana wa mnzawo. Aja anabwera pa maliro, ena anayankhula kumanda, adzakutsegulirani zimene sangauze mlendo.

Pitani kwa mmodzi wa iwo ndi kapaketi ka shuga ndi zithunzi zisanu. Musayambe ndi mafunso ngati wapolisi. Ikani chithunzi m'manja mwawo, mukhale chete, adzayamba okha. Apempheni chilolezo choti mujambule mawu pa foni, ndipo akakana lembani mukafika kunyumba tsiku lomwelo. Mafunso amene ndaona kuti amamasula lilime ndi osavuta: tsiku loyamba pa ntchito linali lotani, ndani anawaphunzitsa, ndi usiku uti umene sauiwala. Akakuuzani dzina la munthu kapena malo a pachithunzi, lembani kuseri kwake ndi pensulo, osati bolopeni, chifukwa inki imadutsa. Madala awiri akatsutsana pa chaka, musaweruze. Lembani zonse ziwiri, kenako mukayang'ane m'makope anu. Paja makope amenewo, amene mukuwaona ngati zachibwana, ndi umboni woti mutu wakutiwakuti unali pa siteshoni yakutiyakuti tsiku lakuti, ndipo mwina palibe wina m'dziko muno amene analemba zimenezo.

Ndikuchenjezeni kuti ulendo woyamba udzawawa. Adzakuuzani za bambo anu zimene simunazimvepo, zina zoseketsa, mwina zina zoti simukanafuna kumva. Ngati mukuona kuti n'zolemera panopa, dikirani miyezi ingapo, koma musadikire zaka, chifukwa madalawo sakudikirani.

Mukafuna kubwerera m'mbuyo kupitirira nthawi ya bambo, simusowa kutuluka mu Blantyre. Timitu tiwiri toyamba ta Shire Highlands Railway, njanji yoyamba ya dziko lino, topangidwa ndi kampani ya Bagnall ya ku England, tinasungidwa: Thistle ku Limbe, Shamrock ku nyumba yosungira zakale ya ku Chichiri. Mosakayika munatijambula kale, koma kodi munafunsapo chifukwa chake njanji ya dziko lino inayambira kuchigwa cha Shire? Katundu ankabwera pa sitima zapamadzi kudzera mu Zambezi ndi Shire, kenako pa mitu ya amtengatenga kukwera mapiri. Madzi a mu Shire atayamba kuchepa, sitima zapamadzi zinkalephera kufika kumtunda, ndipo njanji inakhala ikutsatira madziwo chakummwera. Sitima inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje, kenako njanji inatalikitsidwa mpaka ku Chindio m'mphepete mwa Zambezi. Mpaka mu 1935, pamene unatsegulidwa mlatho wa Dona Ana wa pa Zambezi, wotalika makilomita opitirira atatu ndi theka, katundu wa ku Beira ankachita kuwoloka mtsinjewo pamadzi. Chaka chomwecho njanji inafika ku Salima kudzera ku Chipoka, ndipo ndi njanji imeneyo imene inanyamula zidutswa za Ilala zochokera ku Scotland, sitima imene inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951. Laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ili ndi mabuku ndi zithunzi za nthawi imeneyo, ndipo mafaelo a boma ali ku National Archives ku Zomba. Ndaona anthu atalowamo kukafuna chithunzi chimodzi, n'kutulukamo ndi ntchito ya zaka.

Chinanso, kwerani sitima, kamera muisiye kunyumba. Anthu ojambula ambiri amadziwa sitima ya kunja kokha. Tengani ya anthu yochoka ku Limbe kudzera ku Balaka ndi Liwonde mpaka ku Nayuchi, kumalire, pakati pa nyanja za Chilwa ndi Chiuta. Ndandanda yake imasinthasintha, choncho kafunseni pa siteshoni tsiku ndi nthawi, munyamule kamba ndi madzi, ndipo musapangane ndi munthu madzulo ake. Khalani pakati pa matumba a mpunga ndi madengu a nsomba, mumve zimene anthu akukambirana, muone midzi imene msewu wa tara suidziwa. Kumeneko sitima si chinthu chokajambula. Ndi imene imafikitsa katundu kumsika ndi wodwala kuchipatala, ndipo munthu ukaona zimenezo umayamba kuiyang'ana mwina.

Maulendo akutali aliponso. Ku Livingstone m'dziko la Zambia kuli malo osungira mitu yakale ya nthunzi, ndipo mlatho wa pa Victoria Falls wa mu 1905 uli pafupi pomwepo. Ku Bulawayo kuli ena, okhala ndi zimitu zikuluzikulu za mtundu wa Garratt. Sitima ya pa njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kuchokera ku Kapiri Mposhi kukafika ku Dar es Salaam, Mmalawi akhoza kuikwerera ku Mbeya atatulukira pa Songwe. Onsewa ndi maulendo okoma, koma musawatenge ngati mankhwala, ndipo musawatengere ngongole. Munthu amene mtima wake udakali wozizira amakafika ku Bulawayo, kuyang'ana Garratt mphindi khumi, n'kuyamba kuwerengera ndalama zimene wawononga. Chimodzimodzi kugula kamera yatsopano kapena mutu wina wa pa tebulo: chisangalalo chake sichidutsa mlungu. Pitani kutali chidwi chikayamba kale kutukuka pafupi.

Mnyamata wofuna kugulayo mumuonenso kawiri. Ngati ndi wamalonda wofuna kukagulitsanso, ndi nkhani ina. Koma ngati akufuna tisitimato chifukwa amatikonda, mwapeza chinthu chosowa kwambiri mu Blantyre kuposa mutu uliwonse, ndiye munthu woti muzimufotokozera. Muitaneni adzakuthandizeni kupukuta njanji, mumutenge popita kwa madala aja azikagwira foni. Zimene bambo anu ankachita kwa inu, pali wina akuzisowa.

Mukayambanso kuyendera masiteshoni, chizolowezi chisakupusitseni. Pemphani chilolezo kwa mkulu wa siteshoni musanajambule m'yadi. Musayende pakati pa njanji kapena pa mlatho, ndipo zomvera nyimbo m'makutu zichoke. Sitima za malasha zimakoka mabogi opitirira 100, ndipo yolemera chonchi ikhoza kuyenda mtunda woposa kilomita dalaivala atagwira kale mabuleki. Bawuti, chikwangwani kapena kachitsulo kalikonse ka panjanji, ngakhale kaoneke kotayidwa, musatole kuti mukasunge, ndipo musagule kwa ogulitsa zitsulo zakutha. Kuba zipangizo za njanji kwagwetsapo sitima, ndipo wapolisi sadzamva zoti inu ndinu wokonda mbiri.

Alamu akunena zoona pa chipinda, ndipo musalole kuti sitima zisanduke mlandu m'nyumba. Gwirizanani tsiku loti chipindacho chikhale chitatuluka, inu mupemphe shelefu imodzi ndi pamwamba pa wadiropu. Posunga, makatoni asiyeni. Chiswe, mphemvu ndi makoswe zimawakonda. Gulani mabigili apulasitiki otseka bwino, muwaike pamwamba osati pasimenti. Chotsani mabatire m'chilichonse chifukwa amatuluka madzi owononga. Matikiti musamange ndi labala, imasungunuka n'kumamatira, ndipo mapini amasiya dzimbiri. Zithunzi zisagundane nkhope ndi nkhope m'nyengo ya chinyezi, ndipo zofunika kwambiri muzijambulenso ndi foni n'kutumizira mwana kapena mbale kuti zikhale malo awiri. Kamera muziitulutsa kamodzikamodzi ipitidwe mphepo youma, apo ayi galasi lake limamera nkhungu.

Pa zogulitsa, katundu wanu sali wofanana. Makope, zithunzi, matikiti, nyale ndi chipewa cha bambo, zimenezo zikapita zapita, palibe sitolo imene mudzazipezenso. Musazigulitse pa mtengo uliwonse. Ngakhale mutadzatsimikiza kuti za sitima mwasiyadi, zipite kwa ana anu kapena kwa osunga mbiri, osati kumsika, ndipo nyale ndi chipewacho abale anu ali nazonso mawu. Kasitima ndi njanji zake n'zogulika, ngakhale kuti ndi mmene kwacha ilili mudzazigulanso modula kuposa mmene munagulira. Zipatseni chaka chimodzi mutayesa thabwa lija. Chikatha musanaligwire, ndipo thanzi lanu lili bwino, gulitsani mosadziimba mlandu. Koma osati zonse pamodzi, chifukwa wogula mulu amalipira mtengo wa mulu. Yang'anani kaye pa intaneti mitengo ya zakale zofanana nazo ku South Africa, mitu muigulitse payokhapayokha mutaiyendetsa pamaso pa wogula, ndipo mabokosi ake oyambirira musataye chifukwa amakweza mtengo.